Bruno Wagonekedwa

Mu Lilongwe muno munthu akangopata pang'ono amatsata ndondomeko yodziwika. Amayamba ndi mpanda wa njerwa, pamwamba pake waya wamagetsi, kenako geti lachitsulo, thanki ya madzi, ndipo zonsezi zikatha amakhomera pageti chikwangwani cha galu wotulutsa mano. Ambiri amathera pachikwangwanipo, moti mukalowa mkati mumangopeza nkhuku ziwiri ndi mphaka wa aneba. Koma alandilodi anga ku Area 47, amene ndimachita lendi kuseri kwa nyumba yawo, sachita zinthu mongoyerekeza. Chikwangwani chitakhala pageti chaka chathunthu chikunamiza anthu, ananena kuti nthawi yakwana yoti mwiniwake wa chithunzicho abwere.

Sanafune agalu a anyamata a m'mbali mwa msewu, amene amanyamula kagalu m'mwamba n'kumakaonetsa pawindo la galimoto. Amenewo, anatero abwana, ndi agalu a anthu osadziwa zinthu. Iwo anapita kushopu yeniyeni, yokhala ndi mashelefu a zakudya za agalu, matcheni, sopo wosambitsira agalu, ndi tizikwere ta waya kumbuyo. Mnyamata wogulitsa anawatulutsira kagalu kamimba yotupa n'kulumbira kuti ndi German Shepherd weniweni, wa miyezi itatu, makolo ake anabwera pa ndege kuchokera ku Joni.

"Katemera analandira?"

"Zonse zinachitika kale, bwana."

"Khadi lake lili kuti?"

"Lili ndi mnzanga, watuluka pang'ono. Mapepala onse tikutumizirani pa WhatsApp."

Aliyense wokhala m'tauni amadziwa kuti munthu amene watuluka pang'ono sabwerako, koma abwana anali atamva kale mawu oti Joni. Analipira ndalama yokwana malipiro a alonda awo a miyezi itatu, osanenerera n'komwe, chifukwa kunenerera mtengo wa galu wobwera pa ndege n'kudzichotsa ulemu.

Kunyumba kunachitika msonkhano. Alonda ndi mtsikana wantchito anaimitsidwa pakhonde n'kuuzidwa malamulo. Dzina lake ndi Bruno. Sadya mkute, sadya gaga, sadya mafupa, ndipo mawu oti "choka!" asamveke pabwalo lino. Amayi a panyumbapo, amene tonse timawatchula kuti Madamu, anawonjezera kuti Bruno ndi mwana wa m'nyumba. Agogo, mayi awo a abwana, anali pamkeka chapatali akusenda mtedza. Anabwera kuchokera ku Ntchisi kudzayezetsa BP, ndipo inali sabata yachiwiri akudikira kuti galimoto ipeze mpata. Anamuyang'ana mdzukulu watsopanoyo kwa nthawi, n'kupitiriza kusenda.

Pasanathe sabata Bruno anakana chakudya. Madamu anati wapukwa kwawo. Madzulo ake anayamba kusanza thovu, ndipo kutacha anatsegula m'mimba, chimbudzi chamadzi chosakanikirana ndi magazi, cha fungo lomwe linandipeza ine kuseri ndikumwa tiyi. Kagalu kaja kanagona pansi pa tebulo, maso atalowa, kakunjenjemera.

Munthu wa m'tauni akaona matenda sathamangira kwa dokotala. Amayamba wajambula. Madamu anaponya chithunzi cha Bruno pagulu la WhatsApp la anthu a mumsewu mwathu, gulu lomwe linakhazikitsidwa kuti tizichenjezana za akuba koma masiku ano limagulitsa mazira ndi nsalu. Mphindi zochepa zokha madokotala anali atadzaza. Wina anati amupatse Panado theka. Wina anati makala osinja. Mayi wina anati nimu, mnzake anati dzira laliwisi ndi mkaka, winanso anati Thanzi ORS chifukwa mwana wake anachira nayo. Bambo wina amene sayankhapo nkhani ya chopereka cha alonda a mumsewu analemba ndime zitatu zofotokoza kuti galu wotere amafuna tsabola kuti alimbe mtima. Mayi wina wa mapemphero anafunsa ngati pali munthu amene anamuyamikira kwambiri galuyo tsiku lomwe anafika, chifukwa si onse okusekerera amene amakufunira zabwino. Pamenepo ine ndinatseka foni, poti amene ananena kuti "koma ndiye n'kokongola" ndinali ine.

Abwana anaimbira kushopu kuja. Mnyamata uja anadabwa kwambiri. Pochoka kumeneko, iye anati, galuyo anali wathanzi, ankachita kudumpha. Mwina mwamudyetsa nsima. Anawakumbutsanso mwaulemu mawu aang'onoang'ono olembedwa pansi pa lisiti, oti katundu wogulidwa sabwezedwa.

Galimoto yomwe inalibe mpata kwa masabata awiri inalira nthawi yomweyo. Ine ananditenga kuti ndinyamule katoni.

Dokotala wa ziweto anali mayi wachitsikana wophunzira ku Bunda, wosakonda mawu ambiri. Anatsegula kukamwa kwa Bruno, n'kuyang'ana mano ndi nkhama zoyezuka, kenako anatsina khungu la pakhosi n'kulisiya. Khungulo linangokhala chiimire osabwerera.

"Madzi atha m'thupi. Mwati ali ndi miyezi ingati, bambo?"

"Itatu."

"Mano awa ndi a masabata asanu ndi limodzi. Anamuchotsa kwa mayi wake msanga. Khadi la katemera?"

"Likubwera pa WhatsApp."

Dokotala sanaseke. Zikuoneka kuti yankho limeneli amalimva tsiku ndi tsiku. Anayeza chimbudzi ndi kachipangizo n'kunena kuti ndi parvo, kuphatikizapo njoka za m'mimba zomwe zinatupitsa kamimba kaja, kamene abwana ankakaonetsa kwa alendo ngati umboni wa thanzi. Anafotokoza kuti parvo ndi kachilombo komwe kanadziwika padziko mu 1978, ndipo kamakonda ana agalu osabayidwa katemera. Kamasupula mkati mwa matumbo, n'chifukwa chake magazi ndi fungo lija. Kuyambira tsiku lomwe galu wakatenga mpaka kuonetsa zizindikiro pamapita masiku atatu mpaka asanu ndi awiri, kutanthauza kuti mwina Bruno anabwera nako kuchokera m'chikwere muja, mkati mwa mtengo womwewo. Mankhwala opha kachilomboko palibe. Chomwe amachita ndi kumuika diripi kuti madzi asathe, jakisoni woletsa kusanza, ndi mankhwala olimbana ndi tizilombo tina tomwe timalowa m'magazi kudzera m'matumbo osupukawo, mpaka thupi lidzimenyere lokha. Agalu othandizidwa msanga ambiri amapulumuka. Osiyidwa kunyumba ndi makala osinja ambiri amafa.

"Mwamupatsako chilichonse?"

Madamu anayang'ana kudenga. "Ka Panado pang'ono."

"Musadzayambirenso. Mankhwala a anthu amawononga chiwindi cha galu, mphaka ndiye amafa nawo kumene."

Kenako anatchula mtengo wa kugonekedwa pa tsiku. Abwana anatulutsa mpango n'kupukuta magalasi omwe anali oyera kale. Anafunsa kuti katemera amene akanaletsa zonsezi ndi ndalama zingati. Atauzidwa, anapukutanso magalasi aja.

Titafika kunyumba opanda katoni, agogo anafunsa kuti galu ali kuti.

"Amugoneka, amayi."

"Amugoneka? Nanga gadiyani wake ndani? Phala amuphikira ndani?"

Anafunsa ndi nkhope yowongoka, moti mpaka lero sindinganene ngati ankaseka kapena ayi. Kwawo galu akadwala amakadya udzu kuseri kwa nkhokwe, akachira wachira. Ndipo galu wa kumudzi dzina lake limakhala uthenga wopita kwa aneba, monga Ndaziona kapena Mukanene, kuti pomuitana mokweza madzulo mlandu ufike komwe ukupita popanda kutchula munthu. Agogo sankamvetsa kuti dzina loti Bruno likunena yani.

Ntchito yaikulu inagwera alonda. Dokotala anali atachenjeza kuti kachilomboka kamakhala m'dothi miyezi yambiri, kamayenda pansi pa nsapato, ndipo sopo wamba sakapha. Pamafunika Jik, kapu imodzi m'makapu 30 a madzi. Anthu sikawagwira, koma galu wina aliyense wosabayidwa wolowa pabwalopo ali pangozi. Choncho alonda anakwecha khonde, mbale, matayala a galimoto ndi njira yonse mpaka pageti, n'kuwotcha bulangete la Bruno, lomwe linali lokhuthala kuposa lawo. Ndinawapeza atagwada ndi burashi, manja atayera mbuu.

"Achimwene," anandiuza motsitsa mawu, "mwezi watha ine malungo anandigwira pompano. Madamu anandipatsa Panado awiri n'kundiuza kuti ndisagone pa ntchito. Lero ndamva kuti Panado yemweyo ndi woopsa kwa galu."

Masiku otsatirawo panyumba panali ngati pachipatala chachikulu. Anzawo a Madamu ankabwera kudzazonda matenda, wodwala ali kutali, iwo n'kukhala pabalaza kumwa tiyi ndi masikono. Aliyense anali ndi nkhani ya galu wa mlamu wake amene anadwala chimodzimodzi n'kufa tsiku lachitatu, ndipo ankaifotokoza mwatsatanetsatane kuti alimbikitse mtima wa mnzawo. Pa WhatsApp, Madamu ankapereka malipoti m'mawa ndi madzulo: lero wakweza mutu, lero wanyambita madzi, tipitirize kumukumbukira. Anthu omwe sanafunsepo za BP ya agogo ankatumiza timanja topemphera.

Agogo ndi amene anaona mwayi. Tsiku lachitatu, abwana akuliza galimoto kuti akaone wodwala, anawapeza atakhala kale kumpando wakumbuyo, atavala chitenje chatsopano, buku la kuchipatala lili m'manja.

"Amayi, mukupita kuti?"

"Kukazonda mdzukulu wanga. Pobwerera mundisiye pachipatala cha anthu, chili panjira."

BP inayezedwa tsiku lomwelo. Inapezeka yokwera, ndipo anapatsidwa mankhwala omwe akumwa mpaka pano. Tinganene kuti pa banja lonselo, munthu woyamba kuthandizidwa ndi Bruno anali agogo.

Bruno anatuluka ali mafupa okhaokha, mwendo wakutsogolo utametedwa pomwe panali diripi. Malangizo anali ambiri. Adye pang'onopang'ono koma pafupipafupi, mpunga wofewa ndi nyama ya nkhuku yowiritsa, yopanda mchere, mafuta kapena anyezi. Asakumane ndi agalu ena kwa masabata angapo chifukwa amakhala akutulutsabe kachilombo m'chimbudzi. Asazizidwe. Unali mwezi wa June, ndipo usiku womwe magetsi anazima ndinaona ndi maso angawa abwana, munthu amene ku ofesi amaimiriridwa akamalowa, atagwada pambaula akutenthetsa madzi oika m'botolo, n'kulikulunga m'sokosi yawo kuti kagalu kagonere. Pamenepo sindinaseke. Anali atasiya zonena za Joni, akungokasisita pamutu ndi chala chimodzi, n'kumakauza m'Chichewa cha ku Ntchisi kuti kalimbe.

Nkhuku ija inabweretsa mavuto ake. Bruno ankadya chidali chokha, supuni ziwiri pa nthawi. Komwe kunkapita miyendo, mapiko ndi msuzi palibe amene anafunsa, koma mwezi umenewo alonda ndi mtsikana wantchito anasalala masaya, ndipo onse awiri ankaumirira kuti galuyo sanachire bwinobwino, asafulumire kubwerera ku zakudya za m'thumba.

Atalimba anabwerera kwa dokotala kukayamba zomwe zimayenera kuchitika poyamba paja. Mwana wa galu amabayidwa katemera woyamba ali ndi masabata 6 mpaka 8, n'kumabwereza pakadutsa masabata atatu kapena anayi mpaka akwanitse masabata 16, ndipo wa chiwewe amabayidwa pa miyezi itatu. Dokotala anatsindika za chiwewe. Parvo imapha galu, koma chiwewe chimapha mwana amene galuyo wamuluma, ndipo zizindikiro zikangoyamba palibe kuchira. Anatchula kuti bungwe la LSPCA limachita makampeni obaya agalu mwaulere m'madera a mu Lilongwe, monga momwe a Mission Rabies akhala akuchitira ku Blantyre kuyambira mu 2015. Madamu anagwedeza mutu. Bruno sangakaime pamzere ndi agalu a ku Mtandire, omangidwa ndi luzi, okokedwa ndi ana osavala nsapato. Ndinaganiza ndekha kuti agalu a luziwo ena anali ndi makhadi a katemera kale pamene Bruno ankadikira lake pa WhatsApp, koma munthu wa lendi amasankha zonena.

Polemba khadi latsopano dokotala anafika pa mzere wofunsa mtundu wa galu. Abwana anati alembe German Shepherd. Dokotala anamuyang'ana Bruno kuyambira kumphuno mpaka kumchira, n'kunena kuti mzere umenewo ausiye kaye, tione akakula.

Wakula tsopano. Ndi galu wofiirira, wa miyendo yowonda, mchira wopiringizika pamsana, khutu limodzi loima ndi lina logwa. Zakudya za m'thumba amazinunkhiza n'kuzisiya, koma mtsikana wantchito akangoyamba kukokota mphika wa nsima amafika asanaitanidwe. Amauwa bwino, makamaka akaona anthu onyamula katundu pamutu ndi ine. Agogo atabweranso kudzatenga mankhwala anamuzungulira kawiri n'kunena kuti nkhope imeneyi akuidziwa, kwa mfumu ya kwawo kuli agalu atatu otere. Abwana anachita ngati akuyankha foni.

Lamlungu lapitali kunabwera mlendo wa ku ofesi kwawo. Atatsika m'galimoto anayang'ana chikwangwani cha pageti, n'kuyang'ana Bruno amene ankadzikanda khutu logwa lija.

"Bwana, ameneyu ndi mtundu wanji?"

"German Shepherd," anatero abwana. "Kungoti anadwala ali mwana."