Malemu Satsutsa

Ku Chisepo ngongole za munthu zimadziwika bwino tsiku la m'meto. Adzukulu atatsuka makasu, mbale za nsima zitabwerera kwa eni ake, amfumu amaimirira n'kufunsa mwaulemu: "Alipo amene malemu anawakongola? Nanga amene anakongola kwa malemu?" Mafunso ndi awiri, koma makutu a anthu amagwira loyamba lokha.

Woyamba kudzuka ndi wagolosale, kope lili kukhwapa. Shuga, sopo, mchere, shuganso. Masamba oyambirira ndi akuda ndi thukuta, koma lomalizalo inki yake ikuoneka ya m'mawa womwewo. Kenaka mayi wotcheza kachasu, mawu ali pansipansi poti malemu anali mkulu wa mpingo, akuti mabotolo analipo ndithu. Wakatapila salira n'komwe. Iye akuti ndalama ija inabereka, ndipo ana ake nawo ayamba kubereka. Onsewa malemu anawauza mawu amodzi, akuti adzalipira fodya akakagulidwa ku Kanengo. Ndani angatsutse? Mwini nkhani ali kumsitu.

Amayi a banki m'khonde okha ndiwo ndimawagwadira: tsiku, ndalama, chidindo cha chala, zonse zili m'buku.

Tsono yang'anani bambo uja anabwereka matumba awiri a feteleza kwa malemu chaka chatha. Chisoni chamugwira pakhosi moti sangathe kuyankhula. Amalira kuposa namfedwa, ndipo amachira pokhapokha amfumu akatseka bwalo.

Amalume afika kuchokera ku Mponela atawerenga kale mbuzi, ngolo ndi njinga. "Eni mbumba ndife," akutero, akugunda pamtima. Ngongole zitaphatikizidwa, amatsokomola kaye, n'kutembenukira kwa mayi wamasiye. "Alamu, paja shuga ameneyu munkamwera limodzi. Ife za m'nyumba mwanu sitilowerera ayi."

Komatu lamulo lilipo. Mu 2011 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa Deceased Estates Act, m'malo mwa lamulo lakale la 1967. Ngongole zenizeni zimalipidwa kuchokera pa chuma cha malemu chisanagawidwe, osati pa nkhuku zomwe mayi wamasiye anaweta yekha. Munthu akafa osalemba wilo, oyamba kuganiziridwa pa zotsalazo ndi mkazi kapena mwamuna wake, ana ndi ena amene ankadalira iye. Kulanda chuma cha masiye ndi mlandu woti munthu n'kumangidwa nawo.

Mwana wa malemu, amene anafikako Fomu 4, amangoti: "Zikomo makolo. Aliyense atenge umboni wake, Lolemba tikakumane kwa a DC ku Dowa."

Wagolosale amatseka kope. "Aa, mwanawe, tingafike pamenepo? Bambo ako anali m'bale wanga." Mabotolo a kachasu amatsika n'kutsala awiri. Wakatapila akuti angolandira imene anapereka ija, ana ake akhululuka.

Amalume akuti za bomazo ndi zabwino kwambiri, iwonso ankaganiza zomwezo. Potsanzika amakankha njinga ya malemu, akuti tcheni chake chikulira, akaikonzetse ku Mponela.