Munthu wopanda mfuti amaliopseza ndi chiyani boma?

Akuluakulu inu amene munawerenga mabuku, ndithandizeni. Mbiri ya a Mohandas Gandhi, amene anthu a kwawo ankawatcha Mahatma, ikundizunguza mutu. Mkulu ameneyu anatsogolera anthu a ku India pokana ulamuliro wa Angerezi osagwira mfuti, mkondo kapena chibonga. Ife kuno ku Maravia, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, ufulu tinauona ukubwera ndi mfuti paphewa. Ndiye funso langa loyamba ndi lachibwana: munthu wa manja okhaokha amaliopseza ndi chiyani boma lokhala ndi asilikali?

A Gandhi anabadwa pa 2 Okutobala 1869 ku Porbandar, nakaphunzira zamalamulo ku London. Mu 1893 anapita ku South Africa kukagwira ntchito yauloya, ndipo chaka chomwecho anawatulutsa m'sitima pa siteshoni ya Pietermaritzburg chifukwa chokana kuchoka m'chipinda cha azungu, ngakhale tikiti yake anali nayo. Mu 1906 ku Johannesburg, iwo ndi Amwenye anzawo analumbira kuti sadzamvera lamulo lowakakamiza kudinda zala ndi kuyenda ndi ziphaso, ndipo chilango chake adzachilandira osabwezera. Kodi si zodabwitsa kuti njira imene inamasula India inaphukira m'dziko lomwelo limene Achewa ambiri ankakumbako migodi?

Pomwepa pali funso lina londiwawa. M'zaka zoyamba ku South Africa, a Gandhi ankalemba mawu onyoza anthu akuda, ndipo ankamenyera ufulu wa Amwenye okha. N'chifukwa chake mu 2018 achinyamata a ku Blantyre anakana chipilala chawo, mpaka khoti linaimitsa ntchito yochimanga. Munthu amene anamva ululu wotayidwa pa siteshoni usiku, analephera bwanji kuona ululu wa Mzulu amene anali naye pafupi? Nanga munthu akayamba molakwa n'kudzakhwima bwino, timuweruze ndi unyamata wake kapena ndi imvi zake? Ine ndikuona kuti zonse ziwiri ziyenera kunenedwa, popanda kubisa chimodzi.

Nkhani ya mchere ndi imene imandigwira mtima kwambiri. Angerezi analetsa Amwenye kudzipangira mchere, kuti aliyense azigula wa boma wokhala ndi msonkho. Pa 12 Malichi 1930 a Gandhi, ali ndi zaka 60, ananyamuka ku Sabarmati ndi anthu 78, nayenda pansi mtunda wa makilomita pafupifupi 385 mpaka kunyanja ya mchere ku Dandi. Pa 6 Epulo anawerama n'kutola mchere. Basi. Koma dziko lonse linawatsanzira, ndipo anthu oposa 60,000 analowa m'ndende. Bwanji anasankha mchere, osati nkhani zikuluzikulu za m'nyumba ya malamulo? Kapena n'chifukwa chakuti mayi aliyense wophika ndiwo amaudziwa mtengo wake, ngakhale sanapite kusukulu? Ndipo kodi boma lingamange ndende zingati, anthu onse akangoti takana?

Apa ndimayamba kuona kuti boma siliyenda lokha. Limafuna wolima thonje, wokhoma msonkho, wonyamula katundu. A Gandhi ankapota okha ulusi, nauza anthu asiye kugula nsalu za ku England. Koma ankafunanso chinthu chovuta kuposa kukana. Mu Febuluwale 1922, khamu la anthu okwiya litatentha polisi ya ku Chauri Chaura n'kupha apolisi oposa 20, iwo anaimitsa zionetsero m'dziko lonse, ngakhale anzawo ambiri anakhumudwa. Ndi mtsogoleri uti amene amaimitsa anthu ake pamene mdani wayamba kunjenjemera?

Tsopano ndifunse za kwathu kuno. Makolo athu ankadziwa chibalo, thonje lokakamiza ndi mbalamatodya yomenyera m'manja. Akadakhala pansi pabwalo la boma ku Fingoè n'kunena mwaulemu kuti sitipita, chikadachitika n'chiyani? Apwitikizi anali atayankha kale funso limeneli. Pa 15 Ogasiti 1955, anthu opanda zida otsatira njira ya a Gandhi analowa ku Goa, kachigawo ka India komwe Apwitikizi ankalamulirabe, ndipo anawomberedwa, ena n'kufa. Goa inadzachoka m'manja mwa Apwitikizi mu Disembala 1961, pamene India yomweyo, dziko la a Gandhi, inatumiza asilikali. Kuno ku Mozambique nako, ku Mueda, pa 16 Juni 1960, anthu anasonkhana paboma kudzapempha ufulu ndi pakamwa, ndipo anayankhidwa ndi zipolopolo. Zitatero, ndani akadawadzudzula a Eduardo Mondlane ndi Frelimo poyamba nkhondo pa 25 Seputembala 1964?

Ngakhale a Kenneth Kaunda, amene sankabisa kuti anaphunzira zambiri kwa a Gandhi, ndipo anatenga ufulu wa Zambia mu 1964 popanda nkhondo, analola ankhondo a Frelimo kudutsa m'dziko lawo pamene nkhondo inakula m'chigawo cha Tete kuyambira mu 1968. Kodi anasiya chimene ankakhulupirira, kapena anaona kuti njira imeneyi imafuna wolamulira amene akadali ndi manyazi?

Komabe pali chinthu chimene chikundiletsa kunena kuti mfuti yokha ndiyo inagwira ntchito. Mu Meyi 1930, apolisi atamenya ndi ndodo anthu osabwezera pamalo opangira mchere ku Dharasana, mtolankhani wa ku America, a Webb Miller, analemba zimene anaona, ndipo dziko lapansi linayamba kuwaona Angerezi ndi diso lina. Kuno ku Tete, pa 16 Disembala 1972, asilikali a Apwitikizi anapha anthu pafupifupi 400 ku Wiriyamu ndi midzi yoyandikana nayo. Ansembe ndi amene anasonkhanitsa umboni, ndipo mu Julayi 1973 bambo Adrian Hastings anautulutsa m'nyuzipepala ya The Times ku London. Boma la Lisbon linachita manyazi pamaso pa mayiko, ndipo chisanathe chaka linagwa, pa 25 Epulo 1974. Ansembe aja analibe mfuti. Nanga mphamvu imene anali nayo si yomwe ija a Gandhi ankaidalira, yoika nkhanza poyera kuti onse azione?

India inalandira ufulu pa 15 Ogasiti 1947, koma inagawika pawiri, ndipo Ahindu ndi Asilamu anaphana koopsa. Pa tsiku lachikondwererolo a Gandhi sanali ku Delhi. Anali ku Calcutta, komwe patapita masabata ochepa anasala kudya mpaka magulu ophanawo anasiya. Pa 30 Januwale 1948 Mhindu mnzawo, Nathuram Godse, anawawombera akupita kumapemphero, powada kuti amakondera Asilamu. Mngerezi anawatsekera m'ndende kangapo osawapha, koma anawapha ndi m'bale wawo. Zimenezi ndizimve bwanji?

Nafenso titalandira ufulu pa 25 Juni 1975, mfuti sinabwerere m'thumba. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo inabalalitsa anthu a ku Tete, ena ku Malawi, ena ku Ukwimi m'boma la Petauke ku Zambia. Inatha ndi kukambirana ku Rome, pa 4 Okutobala 1992. Ngati mapeto ake anali kukhala pansi, bwanji sitinayambire pamenepo? Ndipo pambuyo pa chisankho cha pa 9 Okutobala 2024, bwanji magazi anakhetsedwanso m'misewu ya Mozambique?

Mwina njira ya a Gandhi sikadamuchotsa Mpwitikizi pa iyo yokha. Koma lero wotilamulira ndi mwana wa dziko lino, wapolisi ndi mphwathu, wotsutsa boma ndi mlamu wathu. Ana athu amaphunzira tsiku limene mfuti yoyamba inalira, ndipo n'koyenera. Nanga ndani akuwaphunzitsa kukana choipa molimba mtima popanda kupha munthu? Ndani akuphunzitsa wonyamula mfuti ya boma kuti munthu wokana ndi pakamwa si mdani? Aphunzitsi, mafumu, abusa ndi inu atsogoleri a zipani, phunziro limeneli liyambira kwa yani?