Nkhokwe yanga yamakono

Tsiku limene ndinalemba mizere isanu ndi iwiri mu bash, ndinayamba kuyenda monyang'wa. Ka script kangako kanali kosavuta: 10 koloko usiku cron amakadzutsa, iko n'kutuma rsync kuti akopere zonse za mu kompyuta n'kuziika pa disiki yakunja. Ndinauza mayi a kunyumba kuti zithunzi za ukwati wathu tsopano zatetezeka kuposa ndalama za banki nkhonde.

Ndiye mwana anazula chingwe cha disikiyo kuti atchaje foni.

Rsync ndi wantchito womvera kwambiri, safunsa. Atapeza foda ya /mnt/backup, momwe disiki yakunja imaonekera, ili pomwepo, ngakhale disikiyo kulibe, anangopitiriza kuthira momwemo, pa disiki ya kompyuta yomweyo. Miyezi itatu yathunthu ndinkabisa chimanga kuopa anankafumbwe pochichotsa pakona iyi ya nkhokwe n'kuchiunjika pakona inayo. Ndinatulukira kompyuta itayamba kulira kuti malo atha. Mankhwala ake, ndinamva pambuyo pake, ndi mzere umodzi wokha: mountpoint ayambe waona ngati disiki ilipodi, ikapanda kupezeka script ileke. Ndinauwonjezera mwakachetechete, osauza munthu.

Pofuna kupeza malo, ndinasamutsira zithunzi zonse za ukwati ku disiki yakunja ija, n'kuzifufuta mu kompyuta. Kenako nzeru zinandichulukira. Mu kabati munali disiki yakale, ndinati ndiipukute ikhale nkhokwe yachiwiri, poti akadaulo amati chinthu chizikhala m'malo atatu.

Apa ndi pamene Linux anandionetsa zakuda. Iye amatcha madisiki mayina potsata imene wayamba kuiona: imene dzulo inali sdb lero ikhoza kukhala sdc. Dzina losasinthasintha ndi UUID, koma ine ndinaliona kutalika n'kuchita ulesi. Ndinalemba mkfs, n'kuloza sdb, n'kudina Enter ndi chala chimodzi ngati bwana.

Disiki yakale ija ikadali bwinobwino mpaka lero, ndi nyimbo zake zonse zimene sindizimveranso.

Madzulo ndinaulula mlandu ndikuyang'ana pansi. Mayi a kunyumba sanayankhe. Analowa kuchipinda, anakoka sutikesi pansi pa bedi, n'kutulutsa chimbale cha zithunzi chokulungidwa m'chitenje.

"Bambo," anatero akupukuta fumbi, "ichi musachikhudze. Mungachikonze."