Fayilo ya Pachala

Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Ku Macanga, komwe fodya amagula malata ndi kuphunzitsa ana, mwambiwu sufuna womasulira. Koma amene ukuwaluma masiku ano ndi makalaliki a m'maofesi a ku Furancungo.

Kalaliki akuiona fayilo ya mayina a alimi pa kompyuta yake. Dzina lilipo, tsiku lilipo. Akadina, makina ayankha m'Chipwitikizi chaulemu: "Acesso negado." Fodya ali pachala, mphuno ikungonunkhiza. Mwini foda wapita kumaliro ku Chidzolomondo, abwera Lolemba.

Munthuyo sanamane dala. Windows imaika alonda awiri pa foda yogawana: chilolezo cha pa netiweki, ndi chilolezo cha NTFS cha padisiki penipeni. Wina akati lowani, mnzake nkuti ayi, a wokanayo ndiwo amamveka. Mwini foda uja anapatsa moni mlonda mmodzi yekha. Makina osungira akakhala a Linux oyendera Samba, pulogalamu yomwe Andrew Tridgell anaiyamba ku Australia, mlandu ndi womwewo: malamulo a mu smb.conf avomera, fayilo nkukana, poti ili ndi mwini wake, gulu lake, ndipo enanu ndinu odutsa.

Ku Tsangano kuli mankhwala ake. Amaitana mphwake wa abwana, uja amati ngodziwa makompyuta, iye nkulemba lamulo la zilolezo la chmod 777. Kuwerenga ndi 4, kulemba ndi 2, kuyendetsa ndi 1. Zonse pamodzi 7, ndipo ma 7 atatuwo akutanthauza mwini, gulu, ndi aliyense wopuma mpweya. Zonse zitseguka, anthu aombera m'manja, mnyamata amugulira chipisi. Pofika Lachisanu, mndandanda wa alimi a mbatatesi a ku Ntengo-wa-Mbalame wapita, wina amafuna malo oikapo vidiyo ya ukwati. Musavutike kusuzumira mu Reciclagem: chofufutidwa kudzera pa netiweki nthawi zambiri sichiima pamenepo. Apa mphepo yatenga zake.

Chithandizo chenicheni nchosasangalatsa, nchifukwa chake sachikonda. Mupange gulu limodzi, mulembemo okhawo ofunika kulemba, foda muipatse gululo ndi 770, alonda onse awiri muwauze zofanana.

Kalaliki wathu sadikira zonsezo. Amakopera fayilo pa fulashi ya FAT32, yomwe sifunsa munthu dzina, nkuyenda nayo m'thumba la malaya. Lero ofesi ili ndi lista_final, lista_final2 ndi lista_final_mesmo, ndipo abwana asayina yolakwika.