Nyengo yabwinoyi yandilanda pothawira

Pali zinthu zitatu zimene mwamuna wa m'tauni sayenera kusowa akamadzuka m'mawa: ndalama ya minibasi, mayunitsi a mufoni, ndi chifukwa chomveka cholekera ntchito imene wauzidwa kuti agwire. Ziwiri zoyambazo zimandisowa pafupipafupi, ndipo thupi linazolowera. Chachitatucho ndiye sichinkandisowa, poti chimagwa kuchokera kumwamba, chaulere, chopanda msonkho.

Taonani mmene chaka changa chimayendera. Kuyambira Novembala mpaka Malichi, loya wanga ndi mvula. Ndikafika ku ntchito dzuwa litakwera ndimangoti, “Pepani bwana, Nasolo anadzaza,” abwana n'kugwedeza mutu mwachisoni, osadziwa kuti ine pochoka kwathu ku Ndirande sindiwoloka mtsinje uliwonse. Epulo amandithandizako ndi mvula yotsanzika. Juni ndi Julaye kumazizira, ndipo munthu wa zaka zanga sangatuluke m'bulangete mwachisawawa, angadwale chibayo. Ogasiti kuli mphepo ndi fumbi, chimfine ponseponse. Seputembala ndimapumula pokonzekera Okutobala, ndipo Okutobalayo dzuwa limaswa mtengo, moti kutuma munthu ntchito ya panja n'kufuna kumupha. Kumatsala Meyi. Meyi alibe chisoni, makamaka wa chaka chino.

Madzulo aliwonse a zanyengo akunena zomwezomwezo pa wailesi: madera ambiri kukhala kouma, dzuwa liwala ndi mitambo ya apo ndi apo, masana kufunda pang'ono, usiku ndi m'mawa kuzizirira, mphepo ya mwera pa nyanja sikhala yamphamvu kwenikweni. Mawa chimodzimodzi. Mkuja chimodzimodzi. Wowerengayo amawerenga modekha, osadziwa kuti kwinakwake ku Ndirande mawu akewo ndi umboni womangitsa munthu. Ndinayamba kumasintha siteshoni nthawi ya ulosi ikakwana, koma masiku ano uthengawo umalowera pa WhatsApp. Gulu la amayi a ku tchalitchi limautumiza m'mamawa, pakati pa vesi la tsikulo ndi chikumbutso cha ndalama za banki mkhonde.

“Bambo, mwamva? Akuti sabata yonseyi kulibe mvula.”

“Ndamva, mayi. Tiyenera kuthokoza.”

“Kuthokozako mukathokozere pa denga. Lata la pakona lija lakhala likudontha kuyambira Khirisimasi.”

Nkhani ya lata imeneyi ili ndi mbiri yake. M'Januwale ndinafotokoza momveka bwino kuti malata onyowa amaterera, ndipo ana anga sangasanduke amasiye chifukwa cha dontho limodzi. Mlandu unaimitsidwa mpaka mvula idzathe, beseni n'kupitiriza kugona pakona. Mvula itatha ndinabweretsa mfundo ina: denga lasiya lokha kudontha, ndiye tikonzeranji chinthu choti chachira? Mayi anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, n'kundikumbutsa za Zengerezu amene analinda kwawukwawu. Kenako anatulutsa pepala. Zifukwa zonse zimene ndakhala ndikupereka chiyambire dzinja sankazitaya ayi, ankazilemba. Denga, chitseko cha bafa, ngalande ya kuseri, mpanda wogwa, chimanga cha kumudzi, ndipo kutsogolo kwa chilichonse analembako mawu anga omwe: “mvula ikatha”.

Ku ntchito nako zinthu zaipa. Lolemba lapitali ndinafika mochedwa mwa nthawi zonse, n'kupeza abwana ataima pakhomo. Ndinafufuza m'mutu monse. Matope kulibe, mtsinje waphwa, kuzizira sikunayambe. Pakamwa panangotuluka kuti, “Bwana, kunali mame.” Anasuzumira panja, kuyang'ana kumwamba, kuyang'ana nsapato zanga zouma gwa, n'kulowa mu ofesi osanena kanthu. Bola akanakalipa. Ngakhale pa bawo macheza afa. Kale tinkatha madzulo onse tikutukwana dzuwa kapena matope, koma nyengo yopanda mlandu ungainenere chiyani? Anthu ayamba kukumbutsana ngongole.

Ndinaitanira pambali mwana wanga wa Fomu 3, amene amati amakonda jogalafe, kuti andiuze ngati kumwambako kuli chiyembekezo chilichonse. Anatola kamtengo n'kuyamba kujambula pansi. Akuti mvula ya dzinja imabwera ndi lamba wa mitambo amene amapangika pomwe mphepo za kumpoto ndi za kum'mwera zimakumana, ndipo lambayo amatsatira dzuwa. Pofika Meyi amakhala atasamukira kumpoto, akunyowetsa anzathu a ku Uganda ndi Ethiopia. Kuno kumatsala mpweya wolemera umene umatsikira pansi, ndipo mpweya wotsika suumba mitambo ya mvula. Usiku kukakhala kopanda mitambo, kutentha kumene nthaka inamwa masana kumathawira kumwamba, n'chifukwa chake mbandakucha kumazizira koma pofika 10 koloko kwafunda.

“Nanga chiperoni, mwanawe? Chaka chino sichibwera?”

“Chiperoni chimafuna wochikankha, adadi.”

Akuti wokankhayo ndi mpweya wolemera umene umazungulira pa nyanja yamchere kum'mwera chakum'mawa kwa South Africa. Ukalimba, umatumiza mphepo yozizira ndi yachinyezi kuchokera ku Indian Ocean, kudutsa Mozambique, n'kudzagunda mapiri a Mulanje, Thyolo ndi kuno ku Blantyre. Mphepoyo ikamakwera mtunda imazizira, n'kusanduka nkhungu ndi mvula yowaza ya masiku awiri kapena atatu, ija imasangalatsa tiyi wa ku Thyolo ndi amuna okonda bulangete. Mphepo yomweyo ndiyo mwera umene umavundula nyanja ya Malawi. Koma pakali pano, akuti, wokankhayo akuchita ulesi. Zinandiwawa kumva kuti ulesi wa mnzanga wa kumwambayo ndi umene ukuika ulesi wanga poyera. Zinandiwawanso kuona kuti fizi ndimalipira ine, koma maphunzirowo akuikira umboni mayi ake.

Chimene chikundipweteka koposa ndi jekete. M'Epulo ndinapita pa kaunjika ku Limbe, wogulitsa n'kundinong'oneza kuti ndigule msanga chifukwa Juni akangofika mitengo imakwera. Ndinasankha jekete yeniyeni, ya ubweya m'khosi, yosokedwera anthu a kumayiko kumene kumagwa chipale chofewa. Ndalama yake inali ya ndiwo, ndipo ndinatsimikizira pakhomo kuti chaka chino kuzizira kuyamba msanga, mafupa anga akundiuza. Mafupawo ali chete mpaka lero. Kuno ku Blantyre m'Meyi mbandakucha kumakhala cha m'madigiri 15, masana cha m'ma 25, ndiye jekete yotere imagwira ntchito kuchokera pakhomo kukafika pa siteji basi. Koma ndiyenera kuivala, apo ayi ndiyankhe mlandu wa ndiwo. Mu minibasi ndimaoneka ngati thumba la makala limene lamera mutu, thukuta lili kamukamu. Dzana kondakitala anandifunsa mwaulemu wonse, “Madala, jeketeyo muilipirira payokha kapena ikhala pamiyendo?”

Ulosi ndi umodzi koma mabulangete amasiyana. Alamu anga a ku Nchalo akuti ino ndiyo nyengo imene munthu amagona tulo teniteni ku Chigwa cha Shire, kumene m'Okutobala ndi Novembala kutentha kumapyola madigiri 40. Iwo jekete amangoiona pa kanema. Mnzanga wa ku Dedza, tauni imene ili pamtunda wa mamita oposa 1,500, akuti kwawo ayamba kale kuothera mbaula madzulo. Mwana uja akuti ukakwera mamita 1,000 kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. Ndawerengera n'kupeza kuti jekete yanga ikanandiyenera bwino pa Sapitwa, mamita 3,002, kungoti kumeneko sikufika minibasi.

Mwezi uno uli ndi masiku awiri a tchuthi, pa 1 la anthu apantchito, pa 14 lokumbukira Kamuzu. Boma linawapereka kuti anthu apume. Pakhomo panga anagawidwa ndisanafunsidwe: loyamba la denga, lachiwiri la kumudzi.

Ndinakwera pa makwerero obwereka, hamala m'thumba, misomali pakamwa. Odutsa m'njira anaima. Ena anaganiza kuti ndikumanga dishi ya kanema, ena kuti ndikuthawa ondikongoza. Nditafika pamwamba, miyendo ikunjenjemera, ndinaona Ndirande yense. Pakhomo lililonse panali choyanika: mphale pa mphasa, mtedza pa chiguduli, mfutso m'lichero, mabulangete pa chingwe, matiresi a ana okodza pogona atatsamira mpanda. Kumunsi anyamata anali m'matope mpaka m'mawondo akuumba njerwa, chikombole chikungoti pha, pha. Dzuwa limene ine ndinkalizemba, anthu onse anali atalilemba ganyu, ndipo silinkalipiritsa. Lata ndinalikhoma. Chala chachikulu ndinachikhomeranso pomwepo. Choipa n'chakuti mayi a nyumba yoyandikana nafe anandiona, n'kukauza amuna awo kuti atengere chitsanzo. Bamboyo, mnzanga wakalekale wa pa bawo, masiku ano moni wanga akumauyankhira m'mphuno.

Pa 14 tinali ku Chiradzulu kwa apongozi. Chimanga chinali chitachoka kale pa mikukwe, chili mulu pabwalo, chikudikira manja. Mkamwini sakhala pa mpando anthu akutonola, ndiye ndinatsikira pa mphasa n'kuyamba. Zala zozolowera kukanda foni zinatuluka matuza ndisanafike patali. Dzuwa litapendeka ndinapereka nzeru yakuti tingothira m'matumba, tisoke, tithamangire basi. Apongozi sanandiyankhe ine, poti mwambo sulola. Anatola njere imodzi, kuiluma, n'kuuza mwana wawo mokweza kuti mawu adutse pomwe ndinakhala: “Uwauze bambo akwanuwo kuti chimanga sichidziwa kuti mawa ali ndi ntchito ku tauni.”

Kenako anatulutsa botolo louma, kuthiramo njere ndi mchere wouma, kulitseka, kulikhutchumula. Mchere unamatirira m'mbali mwa botolo. Alangizi anawaphunzitsa kuti zikatero ndiye kuti chimanga sichinaume, ndipo choti chisungike bwino chinyezi chake chitsike kufika cha m'ma 13 peresenti. Ukachitsekera m'thumba chisanaume chimachita chuku, ndipo chuku china chimatulutsa poizoni wowononga chiwindi, amene ngakhale moto wophikira nsima sumuthetsa. Anankafumbwe nawo amasangalala ndi njere yofewa. Sabata imene a zanyengo akuti kulibe mvula ndiyo imene apongozi amaidikira chaka chonse, chifukwa chiperoni chikabwera ndi nkhungu zake chimanga chili pabwalo, thukuta la dzinja lonse limabwerera m'mbuyo.

Pofuna kusintha nkhani ndinadandaulako kuti nyengo ya chaka chino ndi yozizira macheza, ilibe nkhani. Pabwalo panati zii. Anthu a ku Chiradzulu nyengo ya nkhani anaiona m'Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anagumula mapiri, kukwirira mabanja kumeneko ndi ku Chilobwe m'munsi mwa Soche, n'kupha anthu oposa 1,000 m'dziko muno. Chaka chotsatira El Niño anadula mvula chimanga chili m'munda, boma n'kulengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Kwa munthu amene anadutsa m'zimenezo, wailesi ikanena kuti mawa kulibe chachilendo, ndiye kuti yanena nkhani yokoma kuposa zonse za tsikulo. Ndinangoweramitsa mutu n'kutola chimanga china.

Tsopano maso anga ali pa Juni. Usiku uliwonse ndimatuluka panja kukanunkhiza mphepo, kuona ngati cha ku Bangwe kwayamba nkhungu. Koma dzulo ndinapeza kuti pepala lija lili ndi tsamba lachiwiri, ndipo mutu wake ndi “kukazizira”. Pali kupaka laimu m'nyumba, kukonza mpando wothyoka mwendo, ndi kulima kadimba ka mpiru ndi kabichi kuseri, poti ndiwo zimenezi zimakonda nyengo yozizira. Mayi awerengeranso kuti mwera ukalimba asodzi salowa pa nyanja ndipo usipa umakwera mtengo, choncho dimbalo si nkhani yokambirana. Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Ine ndikulira chiperoni, ndipo zikuoneka kuti ndikulira khasu.

Abambo anzanga, a zanyengo akuti kouma kupitirira, ndipo kubisa mabatire a wailesi sikuthandiza. Kwerani pa denga mwezi uno, pamene malata sakuterera komanso sakuotcha. Kumbani ngalande nthaka isanalimbe. Yanikani chimanga mpaka mchere uleke kumata m'botolo. Ndipo ngati alipo wa ku Dedza, ku Mzimba kapena ku Nyika amene akufuna jekete ya ubweya m'khosi, yovalidwa pang'ono, yomvekako thukuta, andipeze pa siteji ya minibasi 6 koloko m'mawa. Sindisowa, ndine ndekha amene ndavala.