Malangizo kwa Amene Akufuna Kuti Nsima Izichedwa

Masiku ano kwabuka anthu ena, kuyambira ku Nyimba mpaka ku boma la Petauke, amene akumadya nsima ya masana dzuwa likadali paliwombo. Madzulo, pofika 19 koloko, amakhala atatsuka kale mbale, ali phee pakhonde ngati alibe banja. Khalidwe limeneli likapanda kudzudzulidwa lifalikira. Ndiye nawa malangizo othandiza aliyense wofuna kuti kuphika kuzimudyera tsiku lonse, monga kuyenera kukhalira.

Choyamba, musaganize za chakudya njala isanakupoteni. Dikirani ana aweruke kusukulu, aponye zikwama pansi, afunse kuti, "Amama, lero tidya chiyani?" Apo m'pamene musuzumire m'thumba n'kupeza kuti ufa watsala wa phala la khanda. Tumani mwana kuchigayo, makamaka tsiku limene magetsi apita. ZESCO idatiphunzitsa bwino mu 2024, madzi atachepa ku Kariba, pamene m'madera ambiri magetsi ankangobwera maola atatu patsiku. Amene ankathamangira kukagayitsa magetsi alipo ankadya msanga, koma za kupirira sadaphunzirepo kanthu.

Chachiwiri, nyemba. Palibe bwenzi la munthu wotaya nthawi loposa nyemba. Alipo amayi ena amene amazisankha madzulo, n'kuzinyika m'madzi usiku wonse, kuti m'mawa zikapse msanga. Musawatsanzire. Inu tengani kabulangeti wa chaka chatha, wouma gwaa ngati nsangalabwi, mumutereke 11 koloko. Tomato thirani poyambirira pomwe, pakuti kuwawasa kwake kumalimbitsa nyemba. Madzi akaphwa onjezerani ozizira a mumtsuko, kuti mphika uiwale pamene udafika. Chivundikiro chisiyeni panja, nkhuku zizimweramo madzi. Mukatero mbaula idya makala katatu, ndipo ogulitsa makala m'mbali mwa Great East Road azikupatsani moni wa manja awiri. Musaphike zambiri zoti zifike madzulo kapena mawa. Phikani zongokwana masana, kuti madzulo muyambirenso.

Ndamvanso kuti ena amaphula nyemba zitawira bwinobwino, n'kukulunga mphikawo m'bulangeti, kuulonga m'dengu, iwo ulendo kudimba. Pobwera akuti amapeza zapsa zokha. Koma ndiwo zopsa mwini wake asanatsokomoleko utsi, inu mungazikhulupirire?

Chachitatu, moto. Nkhuni musaunjike pamthunzi wa nkhokwe chilimwe chisanathe, ngati kuti mvula ya mu Disembala ndi chinthu chodziwikiratu. Ikagwa ndiye mukatole zonyowa, mugwade pamafuwa, muuzire mpaka maso afiire psuu, oyandikana nawo ayese kwagwa zovuta. Machesi musasunge. Kapaleni moto kwa anzanu. Paja munthu wofulumira kutsanzika amamunena kuti wabwera ngati wodzapala moto. Inu fufutani mbiri yoipayi. Khalani pansi, funsani za odwala, za feteleza wa FISP, za mwana wa uje amene adapita ku Lusaka osatumizako ngakhale sopo. Pofika kwanu khala lija likhala litazima, ndipo mudzakhala ndi mwayi wobwereranso kukamva mbali yotsala.

Chachinayi, chitani chimodzichimodzi. Madzi a nsima asayandikire moto ndiwo zisanapse; mapoto awiri pamoto nthawi imodzi ndi dyera. Chibwabwa musasadzule pamene nyemba zikuwira, ayi, nthawi imeneyo ndi yoyang'ana nyemba. Masamba akalowa mumphika m'pamene mukumbuke kuti mufuna kutendera. Kwerani m'nkhokwe, tapani mtedza wa Chalimbana wa makoko, tongolani, kabwerekeni mtondo, sinjani, sefani. Nsinjiro yosinjiratu Loweruka n'kusunga m'botolo ndi ya aulesi, monganso mfutso wofutsiratu masamba akadali mbwee. Mpeni ukhale wobuntha, woti tomato uzimuphwanya m'malo momudula. Mthiko usakhale ndi malo ake. Uzipezeka lero padenga la khitchini, mawa kuseri kwa bafa kumene ana amaphikira masanje.

Chachisanu, nsima yeniyeniyo. Madzi akawira kwambiri, khuthulani ufa wonse kamodzi, kuti mukhale ndi mibulu yokwanira kuthamangitsana nayo ndi mthiko. Kapena, ngati phala layenda bwino mwangozi, imeneyo ndiyo nthawi yotsegula WhatsApp. Uthenga wa gulu la kutchalitchi sudikira, koma phala limadikira. Mukamva fungo la kupserera, palani poto, tsukani, yambani za chiwiri. Madzi akatha, mjigo sudasamuke, ndipo masana ndi pamene mzere wa zigubu umafika patali.

Chachisanu ndi chimodzi, alendo. Apongozi akaimba foni kuti basi yawoloka mlatho wa Luangwa, musatekeseke. Kudakali Kacholola, kudakali Nyimba, kudakali Minga. Munthu wopanda ulemu angagwire nkhuku nthawi yomweyo, kuti iwo pofika apeze yapsa. Inu dikirani atsike, muwalandire chikwama, muwayalire mphasa. Kenaka itanani ana a mudzi wonse ndi agalu omwe, muyambe kupirikitsa tambala kuzungulira khola la mbuzi. Apongozi ayenera kuona ndi maso awo mmene ndiwo yawo imathamangira. Akayamba kuyasamula, auzeni kuti, "Amama, pang'ono pokha, yatsala n'kufewa."

Lamulo lomaliza ndiye mzati wa onsewa: wophika akhale mmodzi. Kutunga madzi iye, kuwaza nkhuni iye, kusinja iye, mwana ali kumsana. Mwambi uja wakuti mutu umodzi susenza denga umanena za denga, sudatchule mphika. Inu abambo, udindo wanu ndi waukulu ndipo musaupeputse: khalani pansi pa mtengo wa mango ndi wailesi, ndipo pakapita mphindi khumi zilizonse muzikweza mawu kuti, "Amake mwana, nanga nsima ija?" Funso limeneli limapsetsa ndiwo kuposa nkhuni. Anyamata asakhudze mthiko, angaphunzire kudzidyetsa okha.

Kuti muone kuopsa konyozera malangizowa, ndikuuzeni za mayi wina amene ndidayandikana naye nyumba ku Nyimba. Nyemba amanyika usiku. Mwamuna wake, popanda manyazi, amamangirira zigubu panjinga mbandakucha, pobwera n'kuwaza nkhuni za sabata yonse. Mnyamata wawo amavundula nsima yosalala, yopanda m'bulu ndi umodzi womwe. Zotsatira zake n'zomvetsa chisoni. Pofika 13 koloko mayiyu alibe chochita pakhomo, moti amangosenza dengu la nthochi n'kukaima kumsewu kudikira mabasi a ku Lusaka ndi ku Chipata. Ndalama zake adagulira malata, ndiye mvula ikamagwa usiku sagona ndi phokoso. Anzake akamadandaula za msana ndi utsi, iye amasowa chonena.

Kwathu zoterezi kulibe. Timadya 22 koloko, ana titachita kuwagwedeza kutulo, mbamu n'kumawagwera m'manja. Ndilekeze pompa, abale, ndikasonkhezere moto. Kabulangeti ndidamutereka m'mawa uja, ndipo ndikuona ngati wayamba kuganizako zopsa.