Walira mvula, walira matope a pa seva

Achinyamata a masiku ano akufuna ndalama yobwera iwo ali m'tulo. Wina akangoonera mavidiyo angapo pa YouTube amadzuka atatsimikiza kale kuti ayamba bizinesi yosungira anthu mawebusaiti. Masamu ake savuta: makasitomala 100, aliyense kulipira mwezi ndi mwezi, iwe uli tambalale pakhonde kumvera foni ikulira kuti Mpamba yalowa, Airtel Money yalowa. Mvula ndi imeneyo. Koma makolo athu, amene anamwalira osaonapo kompyuta, anatitsina khutu kalekale kuti walira mvula walira matope.

Tiyambe taulula chinsinsi cha ntchitoyi. Ambiri amene amadzitcha kampani ya hosting alibe seva ndi imodzi yomwe. Amachita lendi kachigawo ka kompyuta yaikulu imene ili ku Germany, ku America kapena ku Johannesburg, n'kukaduladula tizipinda tobwereketsa ena. Ndi landilodi amene nayenso ali pa lendi. Denga likadontha alendi amakalipira iye, iye n'kulembera uthenga mwini nyumba amene sanamuonepo nkhope, kenako n'kukhala pansi kudikira limodzi ndi omukalipirawo.

Mwini nyumbayo sadziwa kwacha, amafuna madola. Mu Novembala 2023 kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti, aliyense amene anali atalandiriratu ndalama ya chaka chonse pa mtengo wakale anadya Khirisimasi ya nkhwani wopanda nsinjiro. Kukweza mtengo sangathe chifukwa analemba yekha lisiti, ndipo madolawo kuti awapeze kubanki ndi nkhani ina yofuna tsiku lakelake. Onjezani kuti mu 2019 eni ake a cPanel, pulogalamu imene makasitomala ambiri amayendetsera mawebusaiti awo, anayamba kulipiritsa potengera kuchuluka kwa maakaunti. Mvula ikakula, bilu nayo ikula. Kaloko kaja kooneka pafupi ndi adiresi ya webusaiti kale kanali kogulitsa ndipo anthu ankadyerapo. Let's Encrypt inabwera n'kuyamba kukagawa ulere.

Ndiye pali lonjezo limene aliyense amalilemba ndi zilembo zikuluzikulu: seva yathu imakhala yoyaka 99.9 peresenti ya nthawi. Zimamveka ngati zakumwamba, koma tengani pensulo. Kachidutswa kotsalako ndi maola pafupifupi 9 pa chaka. Maola amenewo ali ndi nzeru za mfiti. Sabwera Lamlungu usiku dziko lonse lili m'bulangete. Amadikira tsiku lomaliza lotumiza tenda, kasitomala ali ndi mphindi 20 zokha kuti imelo ituluke, ndipo pamenepo m'pamene mumadziwa kuti bambo aulemu aja, ovala tayi ndi dzuwa lomwe, amadziwa mawu ena amene sitingawalembe m'magazini ino.

Kunena zoona, chimene mukugulitsa si malo a pa kompyuta ayi. Mukugulitsa tulo tanu. Pakati pa usiku foni ilira: "Achimwene, webusaiti yanga yafa." Mudzuka, muyatsa laputopu, webusaiti ili bwinobwino, bandulo ndi imene yawathera. Wina waiwala pasiwedi kachisanu mwezi womwewo ndipo akukhulupirira kuti mukumusinthira ndinu. Wina mwana wa mlongo wake anamuikira pulogalamu ya WordPress zaka zitatu zapitazo, palibe amene anaikonzansopo, akuba a pa intaneti alowa, ndipo webusaiti ya kwaya ya mpingo tsopano ikutsatsa mankhwala a mphamvu za abambo m'Chirasha. Izi zikanakhala zongoseketsa, koma akubawo amatumizanso maimelo achinyengo masauzande kudzera pa seva yanu. Adiresi ya sevayo ilembedwa m'kaundula wa oipa, Gmail iyamba kukana makalata a makasitomala anu onse, ngakhale a loya amene sanaimbepo kwaya. Nkhuyu zodya mwana zapota akulu.

Ndipo musaganize kuti matope ndi a ife osauka okha. Mu Malichi 2021 moto unapsereza nyumba yosungira maseva ya kampani ya OVH ku Strasbourg, ku France, mawebusaiti mamiliyoni n'kuzima usiku umodzi. Ena anadzitonthoza kuti ali ndi makope a zinthu zawo, mpaka anazindikira kuti makopewo ankasungidwa pamalo omwewo amene anapsawo. Azunguwo analira mvula n'kulandira phulusa. Ngati mukuyamba bizinesiyi, kope la zinthu za anthu lizigona kutali ndi seva, ndipo muziliyesa ngati likutsegukadi, chifukwa tsiku la ngozi si tsiku lophunzira.

Matope okakamira kwambiri ndi ngongole. Pali pulogalamu yotchedwa WHMCS imene imatumiza yokha mabilu ndi kutseka yokha webusaiti ya munthu wosalipira. Ilibe chisoni, ilibe abale. Vuto n'lakuti inu muli nawo, ndipo makasitomala oyamba a bizinesi iliyonse kwathu kuno amachokera pamtundu. Pulogalamu itseka m'mawa, dzuwa lisanafike pamutu foni yalira.

"Mphwanga, ndamva kuti wanditsekera shopu."

"Si ine malume, ndi kompyuta. Miyezi yakwana isanu ndi umodzi musanalipire."

"Kompyutayo uiuze kuti fizi ya Fomu 2 anakulipirira ndine."